Ng'ombe idya udzu, nyalugwe adya nyama: tikaziika pa sikelo, yamphamvu ndi iti?

Mngoni wa kwathu ku Ntcheu simungamuuze kanthu pa nkhani ya nyama. Akayamba kusimba za makolo ake amene adachokera kumwera n'kuwoloka Zambezi atanyamula zishango ndi nthungo, sachedwa kufika pa mfundo yake ya pamtima: anthu aja anali adzitho chifukwa ankadya nyama, osati nkhwani wotendera. Mukafuna umboni amakulozerani kutchire. Taonani mkango, taonani nyalugwe. Chikopa cha ulemu pa gule wa ngoma n'cha nyalugwe, ndipo palibe adaopedwapo chifukwa chovala cha gwape.

Mchewa wa ku Linthipe kapena kwa Kasumbu akakhala pomwepo samusiya apite nazo. Amafunsa mofatsa ngati sakufuna mkangano: "Nanga achimwene, njovu imadya chiyani? Njati inayamba yasakapo? Ng'ombe zija zimabwera ndi kachewere pa Lizulu, munazionapo zikudya chiwindi?" Amakumbutsanso kuti m'gule wamkulu njovu siituluka wamba, imadikira mwambo waukulu ngati wa mfumu.

Mkangano umenewu ndaumva pa bawo, pa moto wa pamaliro usiku, ngakhale m'minibasi. Sutha chifukwa awiriwa amafanizira zinthu zosiyana msinkhu. Mkango wamphongo umalemera makilogalamu pafupifupi 190, pamene njovu yamphongo yaikulu imafika 6,000. Kunena kuti njovu ndi yamphamvu kuposa mkango n'zoona, koma zimenezo sizitiuza chilichonse za udzu kapena nyama. Zikungotiuza kuti njovu ndi yaikulu, zomwe ngakhale mwana wa sitandade 1 akudziwa. Funso loyenera ndi lakuti, pa kilogalamu iliyonse ya thupi, ndi iti ili ndi mphamvu zambiri? Ambiri mwa ife okanganafe mkango tidaudziwira m'nthano. Ku Majete mikango adachita kuibwezeretsa mu 2012, ku Liwonde mu 2018, itatheratu. Choncho tiyeni timve kwa amene adagwira nyamazi n'kuziyeza.

Choyamba chimene adapeza chimakhumudwitsa mbali zonse ziwiri. Mnofu ndi mnofu basi. Mutadula chopingasa mnofu wa mbewa, wa munthu kapena wa njovu, kachigawo ka sentimita imodzi uku ndi imodzi uku kamakoka mofanana ndithu, ngati kunyamula makilogalamu awiri kapena atatu. Zili ngati chingwe cha khonje: kulimba kwake kuli pa kunenepa, kutalika sikuwonjezera kanthu. Tsono taganizani mbuzi imene yakula kawiri mbali zonse, msinkhu kawiri, m'litali kawiri, m'mimba mwake kawiri. Minofu yake yanenepa kanayi, choncho mphamvu zachuluka kanayi. Koma kulemera kwachuluka ka 8, chifukwa pa kulemera kutalika nako kumalowa m'masamu. Chimbuzi chachikulucho chingagwetse kambuzi kakang'ono mosavuta, komabe pa kilogalamu iliyonse chatsala ndi theka la mphamvu zija. Galileo Galilei wa ku Italy adalemba zimenezi kalekale mu 1638. Iye adati kagalu kakang'ono kangathe kunyamula pamsana agalu awiri kapena atatu ofanana nako, koma sakhulupirira kuti kavalo anganyamule kavalo mnzake ngakhale mmodzi.

Anthu onyamula zitsulo pa mipikisano amaonetsa lamulo lomweli mopanda chinyengo, chifukwa onse ndi anthu ndipo onse amadyetsedwa bwino. Pa masewera a Olimpiki a ku Seoul mu 1988, Naim Süleymanoğlu wa ku Turkey, munthu wamfupi wa makilogalamu 60, adakweza chitsulo cha makilogalamu 190 pamwamba pa mutu, kuposa katatu kulemera kwake. Mu 2021 chimphona cha ku Georgia, Lasha Talakhadze, chidakweza makilogalamu 267, omwe palibe adawafikapo pa mpikisano, koma mwini wake amalemera pafupifupi 180. Ndiye kuti adakweza kulemera kwake kamodzi ndi theka. Wamphamvu ndani pamenepa? Ngati mukufuna wokutulutsirani galimoto m'matope, itanani wa ku Georgia. Ngati mukuwerenga pa kilogalamu, wamfupi uja adamusiya kutali.

Tikatsikira kwa tizilombo ndiye zimafika poseketsa. Nyerere imakoka chiwala chakufa choiposa kambirimbiri, ndipo sitidabwa chifukwa tidazolowera. Mu 2010 Rob Knell wa ku London ndi mnzake Leigh Simmons wa ku Australia adayesa kachikumbu kena kanyanga kodya ndowe, kachibale ka tija timagubuduza ndowe kuseri kwa khola, ndipo kamphamvu kwambiri kadakoka katundu wolemera ka 1,141 kuposa thupi lake. Kameneka sikasaka nyama, sikadyanso udzu weniweni, kamadya zimene ng'ombe yataya. Ndikanakonda kuona Mngoni ndi Mchewa akulimbirana kuti kali mbali ya yani.

Kumtunda kwa sikelo kuli njovu, imene ili yotsiriza pa mpikisano wa pa kilogalamu. Chitamba chake chimanyamula chipika cha makilogalamu mazana angapo, zoopsa kuziona, koma sizifika ndi gawo limodzi mwa magawo 10 a kulemera kwake. Njovu siidumpha. Miyendo yake idaima chilili pansi pa thupi, siipindika ngati ya mphaka, chifukwa ntchito yake yaikulu ndi kuchirikiza matani aja kuti asagwe. Anthu a m'mphepete mwa nkhalango ya Dedza-Salima, kumene njovu zimatulukira m'minda, angakuuzeni kuti ikatsamira mtengo umazuka. Umazuka ndithu, koma chozula mtengocho makamaka ndi kulemera.

Ndiye musanafunse kuti nyama imadya chiyani, yambani mwafunsa kuti ndi yaikulu bwanji. Apa ndi pamene odya udzu amaoneka ngati aluza, popeza zimphona zonse za pamtunda, njovu, chipembere, mvuu, nyamalikiti, njati, zimadya zomera. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Pa chakudya chonse chimene mbidzi yadya moyo wake wonse, chimene chimasanduka mnofu woti mkango udye ndi pang'ono, kawirikawiri amati gawo limodzi mwa 10. Zina zonse zidathera m'kuyenda, kupuma, kufunditsa thupi ndi ndowe. Tchire lomwe lingadyetse mbidzi ndi nswala mazanamazana limasunga mikango yowerengeka. Mkango wa matani asanu sungapeze nyama yokwanira, ndipo sungathe n'kuithamangitsa komwe. Udzu ndi masamba sizithawa, choncho wodya zimenezo angakule mmene angafunire, bola akhale ndi mimba ndi nthawi. Njovu imadya makilogalamu pafupifupi 150 pa tsiku ndipo imatha maola 16 kapena kuposerapo ikungodya.

Kuti tiweruze mwachilungamo tiyenera kufanizira nyama zosasiyana kwambiri msinkhu, ndipo alipo adachita zimenezo. Gulu lotsogozedwa ndi Alan Wilson wa ku Royal Veterinary College ku England lidaveka makolala oyezera liwiro m'makosi mwa mikango ndi mbidzi, komanso akakwiyo ndi nswala, kumpoto kwa Botswana. Kakwiyo ndi mphaka wamkulu uja wamawanga, wowonda, wothamanga kuposa nyama zonse, amene adamubwezeretsa ku Liwonde mu 2017. Makolalawo adajambula maulendo othamanga oposa 5,000, ndipo akatswiriwo adatenganso tizidutswa ta mnofu wa m'miyendo yakumbuyo kukayeza. Zotsatira zake zidatuluka mu 2018. Minofu ya alenje awiriwa, mkango ndi kakwiyo, inali ndi mphamvu yoposa ya nyama zimene amasaka ndi 20 peresenti. Poyamba liwiro ankaziposa ndi 37 peresenti, ndipo poima mwadzidzidzi ankaziposa ndi 72 peresenti. Apa Mngoni akhoza kuvina. Pa sikelo yofanana, m'kanthawi kochepa ka kuthamangitsana, wodya nyama ali patsogolo.

Koma 20 peresenti si kawiri, si kakhumi monga nthano zimanenera. Ndipo kafukufuku yemweyo adaonetsa chinthu chimene ndimachikonda kuposa manambalawo: nswala ndi mbidzi zimapulumuka bwino zikapanda kuthamanga liwiro lonse, n'kukhota mwadzidzidzi mlenje atafika pafupi. Wothawa ndi amene amasankha kolowera, wothamangitsa amangotsatira, ndiye ayenera kukhala ndi mphamvu zapadera kuti akonze kuchedwa kwake. Ngakhale ali nazo, kusaka kwambiri kwa mkango kumathera m'fumbi, nyama itapita.

Palinso chifukwa china chimene wodya udzu amachepekera pa kilogalamu, ndipo ichi simufunika kupita ku Botswana kuti muchione. Tsiku la msika lawirirani kumene amaphera ng'ombe. Mudzaipeza atayisenda, yagona chagada pa chikopa chake. Mpeni ukangong'amba pamimba, chifu chimatuluka chokha, chotuwa, chofufuma, nthunzi ili tolotolo m'kuzizira kwa m'mawa. Anyamata awiri amachikhwekhwereza pambali n'kuchiboola, ndipo mumakhuthuka udzu wopukusika, wobiriwira, wofunda, wa fungo lowawasa, mulu wake woti munthu mmodzi sangaunyamule. Zimenezo zokha zimakwana gawo limodzi mwa 10 a kulemera kwa ng'ombe yamoyo, nthawi zina kuposa ndithu. Onjezanipo chifu chenichenicho, matumbo aatali aja amene amayi amapota nthumbwana, chikopa, mutu ndi ziboda. Ogulitsa nyama amadziwa kuti chofika pa mbedza ndi theka la ng'ombe imene adagula, kapena kupitirira pang'ono. Ng'ombe ikamayenda imasenza zonsezo. Imawerengedwa kulemera kwake pamodzi ndi chakudya cha dzana chimene chikadali m'mimba, popeza udzu umatha masiku awiri kapena atatu usanatuluke.

Nyalugwe alibe katundu wotere. Chifu chake n'chimodzi, matumbo ndi aafupi, nyama imagayika msanga. Gawo lalikulu la thupi lake ndi minofu, makamaka ya m'khosi, m'mapewa ndi miyendo yakutsogolo. Wamphongo amalemera makilogalamu 60 kapena chapompo, wamkazi 30 mpaka 40, koma amaluma nswala kapena mbawala pakhosi n'kukwera nayo mumtengo, nyama yolemera ngati iye mwini, nthawi zina yomuposa. Amatero pothawa afisi ndi mikango. Chochititsa chidwi n'chakuti kawirikawiri amayamba waitumbula n'kutaya zam'kati asanakwere nayo. Nayenso akudziwa kuti katundu wa wodya udzu ali m'mimba. Pa nyama zikuluzikulu za kuno kwathu, ndikanapatsidwa mphoto kuti ndipereke kwa wamphamvu pa kilogalamu, ndikanapereka kwa nyalugwe osaganiza kawiri. Koma onani kuti iye ndi wamng'ono mwa amphaka aakulu. Mkango, womwe umamuposa katatu kulemera, umakwera mtengo mwa dzandidzandi, ndipo kutsika kumauvuta. Lamulo la Galileo likugwiranso ntchito pakati pa odya nyama okhaokha.

Fisi ndiye timamunyoza mopanda chilungamo. Nthano zidamupanga wamantha ndi wadyera, ndipo ife a m'mphepete mwa mapiri timamudziwa ngati wakuba mbuzi. Koma fisi wamawanga, wa makilogalamu 50 mpaka 70 kapena kuposerapo pang'ono, amaswa fupa la mwendo wa njati limene mkango walisiya, n'kuligaya m'mimba. N'chifukwa chake tudzi take timauma n'kuyera mbee. Mphamvu zake zidasonkhana m'nsagwada, m'khosi ndi mumtima. Mtima wa fisi umakwana gawo limodzi mwa 100 a thupi lake, pamene wa mkango ndi theka la pamenepo, ndipo fisi amatha kuthamangitsa nyama makilomita angapo osatopa mpaka iyo itafooka. Choncho si odya nyama onse amene ali a mphamvu za kanthawi. Fisi ndi mimbulu amapha ndi kupirira.

Za ng'ona ndingonena mwachidule. Gregory Erickson wa ku Florida adayeza kuluma kwa mitundu yonse ya ng'ona, ndipo mu 2012 adalengeza kuti yaikulu ya m'madzi amchere idaluma ndi mphamvu yofika makilogalamu pafupifupi 1,700. Adapezanso kuti choneneratu mphamvu ya kulumako ndi kulemera kwa ng'onayo, kaya ndi ya mlomo wosongoka yodya nsomba kaya ya mlomo wotambalala. Koma minofu yotsegulira kukamwa ndi yofooka, moti ogwira ng'ona amangoimanga pakamwa ndi lamba basi.

Tsopano tibwere kwa ng'ombe, chifukwa Mchewa uja sanayankhidwe. Akatswiri a ulimi wa ng'ombe amawerengera kuti ng'ombe yofula ingakoke tsiku lonse la ntchito ndi mphamvu yokwana gawo limodzi mwa 10 a kulemera kwake, kapena kupitirira pang'ono. Ng'ombe yathu ya linunda ya makilogalamu 300 ndiye kuti imakoka ngati makilogalamu 30, ziwiri pa goli pafupifupi 60. Nambala imeneyi imamveka yochititsa manyazi mukaiika pafupi ndi ya nyalugwe. Mwina mukufunsa kuti nanga zimakoka bwanji ngolo yodzaza matumba? Yankho ndi matayala. Pa msewu wosalala, wouma, ngolo ya matayala opopa bwino imafuna mphamvu yochepa kuti iziyenda, katundu yense amasenzedwa ndi chitsulo cha pakati pa matayala. Pokwera mtunda ndi pamene choona chimaoneka. Pa chitunda chokwera mita imodzi pa mamita 10 aliwonse, ngolo yolemera makilogalamu 800 pamodzi ndi katundu imawonjezera makilogalamu 80 pa goli, kuposa mphamvu yonse ija ya tsiku ndi tsiku.

Amene adayendapo misewu yafumbi ya ku Tsangano kapena ku Bembeke nthawi yokumba kachewere adaziona. Ng'ombe zikafika patsinde pa chitunda zimatsitsa mitu, goli limakanikiza patsogolo pa linunda mpaka khungu kukwinyika, ziboda zakumbuyo zimakumba dothi, dovu lili chuu. Woyendetsa wodziwa ntchito sakwera molunjika. Amazikhotetsa kuchoka mbali iyi ya msewu kupita inayo kuti chitunda chichepe, ndipo kamnyamata kamayenda kumbuyo katanyamula mwala. Zikaima, iko kamaponya mwalawo kuseri kwa tayala kuti ngolo isabwerere. Zimapuma wefuwefu, nthiti zikuoneka kukwera ndi kutsika, kenako amazikuwira n'kunyamukanso. Wosadziwa ntchito amangokwapula. Ndidamvapo mkulu wina akudzudzula mdzukulu wake pa chitunda chotere, "Iwe, chikwapu sichikoka ngolo. Tsitsa matumba awiri, udzawabwerera." Mnyamatayo adayankha, "Agogo, dzulo zinakwera nawo omwewa." Adati, "Dzulo kunalibe matope."

Kwa masekondi ochepa ng'ombe zimatha kukoka kangapo kuposa mphamvu yake ya tsiku lonse, ndipo izi zili choncho ndi nyama iliyonse. Hosipawa imene timatchula pogula injini ya chigayo adaikhazikitsa James Watt wa ku Scotland cha m'ma 1780, poyerekeza ntchito imene kavalo angagwire kwa maola ambiri, ndipo imakwana mawati 746. Koma kavalo yemweyo atadzikoka kwa kamphindi amafika mahosipawa pafupifupi 15. Munthu wolima tsiku lonse amatulutsa gawo limodzi mwa 10 a hosipawa. Ndiye tikamafanizira nyalugwe wokwera mtengo kwa theka la mphindi ndi ng'ombe yokoka kuyambira mbandakucha mpaka dzuwa pamutu, tikufanizira nsonga ya mphamvu za wina ndi mphamvu za masiku onse za mnzake. Mkango utamangidwa pa goli, poyerekeza kuti wavomera, sungafike pa msika. Minofu yake yambiri ndi ya mtundu wokoka mwamphamvu n'kutopa msanga, mtima ndi waung'ono, thupi limatentha msanga. Umagona kapena kungokhala maola ofika 20 pa tsiku.

Akuluakulu adati mkango ukazingwa umadya udzu. Pa za moyo wa munthu mwambiwo ndi woona, koma mkango weniweni utadya udzu ungafe ndi njala mimba ili yodzaza. Ngakhale ng'ombe payokha siingagaye udzu. Ogaya ndi tizilombo tosaoneka ndi maso tokhala m'chifu muja, mabiliyoni osawerengeka. Ng'ombe imameza udzu, imaubweza n'kubzikula, imaumezanso, ndipo tizilomboto timauwoletsa n'kutulutsa timadzi ta asidi timene timalowa m'magazi kukhala mphamvu. Pochita zimenezo timaswana, ndipo tambirimbiri timakokoloka kupita m'chigawo chotsiriza cha mimba ndi m'matumbo, mmene ng'ombe imatigaya. Gawo lalikulu la zomanga thupi za ng'ombe limachokera m'matupi a tizilombo timeneti. Mnofu umene umapangidwa pamapeto pake sudziwa kuti zomangira zake zidachokera ku udzu wa kudambo kapena ku ntchafu ya mbidzi. Kusiyana kwa 20 peresenti kuja sikuchokera m'mbale ya lero. Kudabwera chifukwa kwa mibadwo yosawerengeka mkango wochedwa unkafa ndi njala usanabereke.

Apa ndi pamene ndimasiyana ndi abale anga Angoni. Kudya chimene nyalugwe amadya sikupatsa munthu minofu ya nyalugwe, monganso kudya msipu sikungamupatse khosi la ng'ombe. Chimpanzi, nyani wamkulu wa m'nkhalango za ku Congo ndi Tanzania, amadya kwambiri zipatso ndi masamba, nyama mwa apo ndi apo. Kale ankati ali ndi mphamvu za amuna asanu, koma atayeza bwino mu 2017 adapeza kuti mnofu wake umaposa wa munthu ka 1.35, ndipo chifukwa chake ndi chibadwa: minofu yake yambiri ndi ija yokoka mwamphamvu n'kutopa msanga, pamene yathu yambiri ndi yopirira. Munthu adalengedwa woyenda mtunda ndi katundu. Mu 1986 Geoffrey Maloiy ndi anzake adayeza amayi a Chiluo ndi Chikikuyu ku Kenya ndipo adapeza kuti amasenza katundu wokwana 20 peresenti ya kulemera kwawo popanda thupi kuwononga mphamvu yowonjezera, komanso kuti amatha kusenza mpaka 70 peresenti. Aliyense amene adakumana ndi amayi akutsika phiri la Dedza ndi mitolo ya nkhuni sangadabwe. Anyamata okweza matumba a kachewere m'malole pa Lizulu, matumba osokerera aja olemera kuposa owanyamula, ambiri amagwira ntchitoyo atadya nsima ya nyemba kapena chigumu ndi thobwa. Nyama amaionera pa chiwaya.

Komabe sindikufuna Mchewa anyade mopitirira. Munthu alibe chifu cha ng'ombe, choncho zomanga thupi ayenera kuzidya zili zopangidwa kale, kaya m'nyemba, mtedza, soya, usipa, mazira, mkaka kapena nyama. Mwana wamng'ono mimba yake ndi yochepa, sangadye phala loyera lochuluka mokwanira kuti apezemo zonse zofunika. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu m'Malawi anali opinimbira. Kwa mwana wotere dzira limodzi kapena kausipa kosinjira m'phala n'zamtengo wapatali, ndipo pamenepo Mngoni akunena zoona, ngakhale chifukwa chake si cha mikango. Chomvetsa chisoni n'chakuti m'makomo ambiri, a Angoni ndi a Achewa omwe, nthuli yaikulu imapita m'mbale ya bambo amene adasiya kale kukula.

Pa ndewu yeniyeni masamu a pa kilogalamu sathandiza aliyense. Njati yamphongo ya makilogalamu 700 ndi yofooka pa kilogalamu kuyerekeza ndi mkango waukazi wa 125, koma ikaupeza bwino ndi nyanga imauponya m'mwamba. Mikango imaidziwa njati, n'chifukwa chake imaipita ili gulu, wina pamsana, wina kumiyendo, wina kumphuno, ndipo ngakhale choncho ina imachokapo yothyoka nthiti. Mbidzi ikaponya mwendo n'kulasa nsagwada, mkango umenewo sudyanso. Mvuu, yomwe usiku wonse imadya udzu ngati ng'ombe, asodzi a ku Shire amaiopa mofanana ndi ng'ona.

Chinthu chimene ndingakonde kuti okangana a pa bawo aja atayirepo nthawi ndi ng'ombe zawo zomwe. Mphamvu yake imatsata kulemera kwake, ndipo kulemerako kumasintha ndi nyengo. Mwezi wa Meyi ndi Juni zimakhala zonenepa, tsitsi lili see, msipu ndi mapesi zili paliponse. Pofika Okutobala ndi Novembala tchire lapsa, madambo auma, udzu wotsala ndi wouma wopanda zomanga thupi, moti ngakhale tizilombo ta m'chifu timachepa mphamvu ndipo ng'ombe imalephera kugaya ndi wochepa womwe yapezawo. Imayamba kudya thupi lake lomwe. Ng'ombe imene inali ya makilogalamu 300 ikatsika kufika 250, mphamvu yake yokoka yatsika nayo, ndipo nthawi yake ndi yomweyo yotuta manyowa, njerwa ndi feteleza mvula isanagwe. Alimi ena a ku Dedza ndawaona akuunjika mapesi ndi masamba a mtedza pa thandala pamwamba, kumene chiswe ndi mbuzi sizifika, n'kumapatsa ng'ombe zokoka zokha pang'onopang'ono m'miyezi imeneyi, pamodzi ndi gaga wosakaniza kamchere madzulo zikaweruka. Masamba a mtedza ndi a nyemba ndiwo ofunika kwambiri, chifukwa ndi amene amadyetsa tizilombo tija kuti tithe kugaya mapesi. Ambiri a ife timawatentha m'munda mu Ogasiti posaka mbewa.